Injini Yatsopano ndi Phazi la Apongozi

Injini ija ndinaigula ku Kitwe kwa munthu wina woitanitsa magalimoto odulidwa pakati kuchokera kunja. Ine ntchito yanga ndi kugula ndi kugulitsa, lero mafiriji akale, mawa malata, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo sindigonja. Ndinanenerera mpaka mwamunayo anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Pomaliza anati, "Mudala, tengani, koma muitenga yamaliseche." Anazula timapaipi tonse ta labala n'kutiponya m'katoni yake. Ine ndinaseka chamumtima. Takale ta pa injini yanga yakufa tinalakwa chiyani?

Makanika wa kwathu ku Kwacha anaimanga, ndipo inalira. Pamsewu inkathamanga ngati yaba nkhuku. Koma ndikangoima, galimoto yonse inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, chiwongolero chikuvina m'manja, kenako zii, yazima. Tinasintha mapulagi. Tinabwereka makoyilo kwa mnzanga wa takisi, n'kukabweza chifukwa palibe chinasintha. Tinatsuka sefa ya mafuta. Makanika atati tigule timapaipi tatsopano, ndinamuuza kuti akadyere ena. M'malo mwake ndinaphunzira kuyendetsa ndi mapazi onse awiri, lamanzere pa buleki, lamanja likuponda moto pang'onopang'ono kuti injini isagone.

Zili choncho, mkazi wanga anachira ku Ndola, komwe anapita kukadikirira kwa mkulu wake ku Chifubu. Mwana wathu woyamba. Ine ndiye ndinayenera kukatenga apongozi ku Chamboli n'kupita nawo kuchipatala nthawi yoona odwala isanathe, chifukwa ikatha alonda a kumeneko samva za munthu.

Apongozi anga anabwera ku migodi kalekale ndi malemu amuna awo, koma mwambo wa kwawo ku Katete sanausiye pa basi. Chikwatire mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Mawu athu onse ankadutsa mwa mkazi wanga. Tsiku limenelo wodutsamo panalibe. Anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo, nkhope ili pawindo.

Titatuluka mu Kitwe tinapeza mzere wa malole ukukwawa. Phazi langa linachedwa pang'ono, injini n'kuzima. Ndinaliza, ndinalizanso, batire ikumveka kuti ikutha mphamvu. Injini inagwira mwa chisomo, ndinapatukira pambali, ndipo inazimanso pomwepo.

Kuti ndimve chimene chikuvuta ndinayenera kukhala ku boneti injini ikulira. Kuti ilire pankafunika phazi. Ndinaima panja nditayang'ana kutchire, n'kulankhula ndi mitengo.

"Galimotoyi ikufuna munthu woti aipondere moto."

Kenako mawu anatuluka m'kati, akulankhula ndi mpando.

"Nanga galimotoyo ikufuna aiponde pati?"

"Chitsulo cha kumanja, pansi pa chiwongolero."

Anatsika, nazungulira chakumbuyo kuti tisakumane, navula nsapato imodzi, nakhala pampando wanga. Ine ndinalowetsa dzanja pawindo kuti ndipotokole kiyi, khosi nditalikhotetsera kwina, mkono wanga utatsala pang'ono kukhudza phewa lawo. Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Injini inabangula ngati ikufuna kuuluka.

"Galimoto ikuti achepetse!"

"Iuzeni galimotoyo kuti ine ngakhale njinga sindinapalasepo."

Minibasi ina inadutsa pang'onopang'ono, kondakitala ali pakhomo. "Ba mayo ndiye ba dalaivala! Mudala, iwe ndiwe wa ntchito yanji?" Basi yonse inaphulika ndi phwete. Ndinabisa mutu m'boneti.

Apongozi atachepetsa moto, ndinamva kamluzi, psii, kuseri kwa injini. Ndinatsatira ndi chala mpaka ndinakapeza: kapaipi kanga kakale kaja, kotakata kukamwa kuposa pomwe anakavekapo, komanso kong'ambika cham'munsi. Injini inkamwa mpweya wakuba. Nditatseka ndi chala chachikulu, galimoto inadekha ngati mwana wapatsidwa bere. Nditachotsa, malungo anabwerera. Kanthu koti munthu ungagule osanenerera n'komwe.

Chomangira ndinalibe. M'buti munali jeke ndi fumbi. Ndinauza mitengo kuti galimoto ikufuna kachingwe. Ndinamva zipi ya chikwama, kenako kukhadzuka kwa nsalu. Pawindo panatuluka dzanja litagwira kansalu kakatali, kouma gwaa ndi utsopano. Chinali chitenje chimene anagulira mdzukulu wawo choberekera, chisanalowe n'komwe m'madzi. Ndinalandira ndi manja awiri, nditanjuta, maso ali pa tayala.

Ndinamanga zolimba. Kunjenjemera kunachepa, koma sikunatheretu, ndipo phazi linkafunikabe. Tinasinthana mosayang'anana, langa likulowa lawo likutuluka, ndipo tinafika kuchipatala anthu ena atayamba kale kutuluka.

Apongozi analowa mofulumira. Ine ndinatsala. Batire inali itatheratu, yosasunganso mphamvu, ndipo galimoto yanga ndi ya otomatiki, yosalira ndi kukankha. Ndikanazimitsa, ikanagona pomwepo, apongozi n'kubwerera ku Chamboli pa minibasi mpongozi wawo ali ndi galimoto. Ndinakhala phazi lili pa moto, ndikuwerenga nkhope za azibambo anzanga otuluka akumwetulira. Mwana wanga anali kuseri kwa khoma limenelo.

Pasanapite nthawi ndinaona apongozi akubwerera. Anaima pafupi ndi chitseko changa, akuyang'ana nyali yakutsogolo, nsapato ili kale m'manja.

"Galimoto iuze mwini wake akaone mwana. Afulumire, atseka."

Ndinathamanga. Namwino ataona manja anga akuda bii ndi oyilo anati, "Atate, muone ndi maso okha." Ndinaima pafupi ndi bedi manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu wolakwa. Kamtsikana kanga kanali mtulo, kakukwinya kamphuno.

"Amayi apita kuti?" anafunsa mkazi wanga. "Angomunyamula pang'ono n'kutuluka."

Pawindo pankamveka injini, ikukwera, ikutsika, ikukweranso. Mkazi wanga anatchera khutu, nandiyang'ana.

"Musandiuze."

Sindinamuuze. Ndinawerama n'kuyang'anitsitsa mwana, chifukwa ndi yekhayo m'banja lonse amene ndikanatha kumuyang'ana kumaso tsiku limenelo.