Chidole Chomata ndi Ulimbo

M'chitini changa cha mabatani ndi singano muli kamutu ka pulasitiki, kokula ngati dzira la nkhunda. Kanali koyera kale, pano kanafiirira. Kali ndi tinyanga tiwiri, kamodzi kothyoka, ndipo pakhosi pake pali zakuda zouma zimene zinakanirira mankhusu a mpunga. Adzukulu anga akati azikande ndi chikhadabo, ndimawamenya padzanja. Zakudazo ndi ulimbo, ndipo kamutuko ndi kokhako kamene kanatsala pa chidole chimene amalume anabwera nacho kuchokera ku Joni.

Anafika mpunga utayamba kuweramitsa ngala, nyengo imene ife ana tinkaswera kudambo tikukalipirana ndi mpheta. Ine sindinkawadziwa. Anapita ndisanabadwe, ndipo anakhalitsa mpaka anthu anayamba kuwatcha mtchona. Anatulukira masana dzuwa likuswa mtengo, atanyamula sutikesi paphewa, atavala chikhotho chotentha, akutsokomola. Atapereka moni kwa amayi, ndinaona kuti dzanja lawo lamanja linalibe chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mwala wa mumgodi ndiwo unazidya. Amayi analira, n'kuwakalipira, n'kuyambanso kulira.

Nkhani yake inali iyi. Asanapite ku Joni, amalume anakwatira ku Chisi, pachilumba chija chimene tinkachiona tsiku lililonse tikaima pansanja yoingitsira mbalame. Kumeneko anasiya mkazi ndi mwana wamwamuna asanayambe n'kukwawa komwe. Zaka zitachuluka kuli zii, ankhoswe anakhala pansi n'kuthetsa banjalo, ndipo mayi uja anakwatiwa ndi msodzi wina. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume sankatsutsa zimenezo. Mawu awo ndimawakumbuka chifukwa ankawabwereza mpaka kutopetsa: "Sindikufuna kumulanda, achemwali. Angondiona, adziwe kuti bambo ake ndine." Koma sankafuna kuwoloka chimanjamanja. Pansi pa sutikesi, pansi pa mabulangete, panali bokosi la mwanayo.

Abale inu, bokosi limene lija! Pachivundikiro anajambulapo chimunthu chachitsulo cha mapewa otambalala, chitaima m'malere pakati pa nyenyezi, moto ukutuluka kuphazi, mfuti ili m'manja. Koma amalume atatsegula, m'katimo munalibe chimunthu. Munali timafulemu ta pulasitiki, toyera, tofiira ndi tabuluu, tokhala ndi tizidutswa tambirimbiri tolendewera, ndi pepala lopindapinda la zithunzi. Amayi anasuzumira kamodzi kokha. "Akuberani, achimwene. Akugulitsani zinyalala za kufakitale."

Amalume ananditumiza kukaitana aphunzitsi a sukulu yathu ya pamishoni. Iwo anafika, napukuta magalasi, natembenuza pepalalo uku ndi uku. Zilembo zake zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope, ndipo ananena mosabisa kuti chinenero chimenecho sanachiphunzire. Koma manambala anali athu omwewa. Anatisonyeza kuti kachidutswa kalikonse kali ndi nambala yake pafulemu, ndipo chithunzi chikuonetsa kamene kakulowa mwa kanzake. Anati chimunthucho ndi loboti, osati maloboti a pamsewu aja ayi, koma makina opangidwa ngati munthu, ndipo tsiku lina makina otere ndiwo azidzatsika m'migodi m'malo mwa anthu. Amalume anayang'ana dzanja lawo lija n'kuseka. "Achedwa, aphunzitsi."

Ndi dzanja lotero sakanatha kugwira kachidutswa kochepa ngati njere ya nandolo. Anyamata apamudzi anadzipereka, koma woyamba kuyesa anakoka kachidutswa ndi mano n'kukaphwanya, ndipo amalume anawabalalitsa onse ndi mpini. Ine ndinali wodziwa kutola nsabwe m'mutu mwa amayi ndi kulowetsa ulusi pasingano. Choncho ntchito inagwera ine, mtsikana, ndipo anyamata aja sanandilankhule nyengo yonseyo. Sindinadandaule n'komwe.

Vuto loyamba linali guluu. M'bokosimo munali kachubu kake, koma titakaboola sikanatulutse kanthu. Tinakang'amba ndi lezala n'kupeza guluu wouma gwaa, wachikasu. Ine ndinati mwina ndi kutentha kwa m'basi. Pano ndimadziwa kuti guluu sauma chifukwa cha ulendo wa pabasi. Bokosilo linagulidwa kalekale, mwana uja akadali wa msinkhu wosewera ndi zidole, ndipo linayenda ndi amalume kuchoka komboni ina kupita komboni ina, likudikira kuti mwini wake alimbe mtima.

Amalume anabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku Songani. Anabwerako thukuta lili kamukamu, ndi soloshoni womatira machubu a njinga. Sanagwire, tizidutswa tinkangoseseteka. Tinayesa phala la chinangwa, nyerere n'kutisonkhanira. Kenaka m'mawa wina anadzuka nkhope itawala. Iwo anakulira m'madambo omwewa akutchera mbalame, ndipo anati, "Ulimbo umagwira njiwa yamoyo ikuphupha. Ungakanike chidole?" Anakacheka kachere, natapa utomoni, nauphika paphale mpaka unayamba kutamuka. Fungo lake ndikulimvabe, lowawasa, losakanikirana ndi utsi. Ndinkanyowetsa zala m'chikho cha madzi, n'kutapa ulimbo ndi kamtengo ka machesi, n'kupaka m'mphepete mwa kachidutswa, iwo n'kupanikiza ndi zikhatho.

Unagwiradi. Chimene tonse awiri sitinachiganize, ngakhale mwana aliyense wa kudambo amachidziwa, n'chakuti ulimbo sufulumira kuuma. Ntchito yake n'kudikira mbalame. Pofika madzulo mwendo wa loboti unali utagwira fumbi, mankhusu a mpunga, udzudzu ndi nthenga ya nkhuku ya amayi. Tikauika padzuwa, ulimbo unkalobodoka, bondo n'kupindika lokha. Tikauika pamthunzi, ntchentche zinkaterapo osanyamukanso. Chimunthu cha pakati pa nyenyezi chija chinayamba kuoneka ngati chagwera m'nkhokwe.

Masiku amenewo panalibe wokhazikika pakhomo pathu. Ine ndikakhala pansanja kudambo, mtima unali kubokosi. Ndinkakoka chingwe cha zitini mwaulesi, ndikuwerenga m'mutu tizidutswa totsala, mpheta zikuchita phwando kuseri kwanga. Dzuwa likangopendeka ndinkathawa, matope ali m'miyendo. Amayi ataona ngala zopanda kanthu kumapeto kwa munda ananditsina khutu mpaka linatentha. "Chidolecho ndi chimene udzadye chaka chino?" Amalume nawo sankatha kukhala pampando. Tikamata dzanja limodzi, iwo ankanyamuka, kupita kudoko, kukaima n'kumayang'ana phiri la Chisi, kufunsa asodzi za mphepo, n'kubwerera. Akafika ankatenga chimene tamata chija n'kuchipezera chifukwa. Phewa lapendekeka. Phazi layang'ana kumbali. Tizimatule, tiyambirenso.

Zinkandipsetsa mtima zedi. Ndinkaona ngati ndi munthu wovuta chabe, wa matama a ku Joni. Amayi ndiwo anawalasa tsiku lina akupeta mpunga, osadzutsa n'komwe mutu: "Achimwene, chimene chikukuchedwetsani si chidolecho ayi." Amalume anatsokomola nthawi yaitali, n'kunyamukanso kupita kudoko.

Kunalinso nkhani ya mfuti. Kanali kamfuti kotalika ngati chala changa, ndipo ine ndinali nditakamata bwino kuposa china chilichonse. Amayi atakaona anatseka chitseko masanasana. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatchule zina, ndipo munthu wochokera kunja anali kale ndi maso ambiri pamsana. "Mukufuna anthu akanene kuti pakhomo pano pali mfuti? Adzafunsa kukula kwake?" Anakaponya pamoto. Kanapindika, kananunkha, kanatha. Ndinalira ngati kwagwa maliro. Loboti linatsala ndi dzanja lotambasula, zala zitapinda pang'ono, lopanda chogwira.

Loboti tinalimaliza mpunga utadulidwa, mwera utayamba kuwomba. Panalibenso choti amatule. Kunena zoona, linali lokongola ndithu, ngakhale linali ndi mizere yakuda m'mfundo zonse ndipo likaima linkaweramira kutsogolo pang'onopang'ono. Ndinkalikonda moti mtima unkandipweteka ndikakumbuka kuti likupita kwa mwana amene sanadulepo ngakhale kachidutswa kamodzi.

Amayi anati ndipite nawo, poti panafunika wolinyamula ndi manja awiri. Mwina ankafunanso kuti mchimwene wawo asakhale yekha. Padoko anyamata a chipani anaona khadi la amalume, nasuzumira m'dengu langa, naseka, m'modzi n'kufunsa ngati chimunthucho chili ndi khadi lake. Bwato linadutsa m'kanjira ka pakati pa udzu wa njedza, n'kutulukira pamadzi otuwa, amchere, amafunde aafupiafupi amene amamenya m'mbali osalekeza. Ndinafungatira dengu pamiyendo. Amalume anali atavala chikhotho chija, atameta ndevu mpaka kudzicheka. Ankavula chipewa, kuchivala, kuchivulanso. Milomo yawo inkagwedera, akuyeseza mawu.

Ku Chisi anatilandira bwino, ndipo pano ndimaona kuti ulemuwo ndiwo unapweteka kwambiri. Anatiyalira mphasa pakhonde. Mayi uja anagwada chapatali n'kupereka moni maso ali pansi. Mwamuna wake, msodzi wamfupi wofatsa, anasiya kusoka ukonde n'kudzakhala nafe. Akuluakulu analankhulana motsitsa mawu, ine ndikumva zidutswa chabe: kuti mwanayo anakula akudziwa bambo m'modzi, kuti nkhani zotere zimafuna ankhoswe, kuti asamudzidzimutse. Amalume ankangoti, "Inde. Inde. Ndamva."

Kenaka mwanayo anatulukira, akuchokera kunyanja, atanyamula nkhafi paphewa. Ine ndinkayembekezera kamwana. Uyu anali mnyamata wamtali kuposa amayi ake, mawu atayamba kale kukhuthala, mamba a matemba ali m'mikono. Makutu ake anali a amalume enieni, otuluka m'mbali. Amayi ake anati, "Apatse moni alendo." Anagwada, anapereka moni mwaulemu, anafunsa ngati nyanja inatisunga bwino. Amalume anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chifuwa. Anatsokomola mpaka misozi, mnyamatayo n'kuthamanga kukawatungira madzi.

Atamwa, anandikodola kuti nditulutse loboti. Ndinaliimika pamphasa, pafupi ndi bondo la mnyamatayo. Analiyang'ana, analikhudza paphewa ndi chala, ulimbo n'kumumata. Anaseka pang'ono, napukutira chalacho pakabudula. "N'chokongola," anatero. Kenaka anatembenukira kwa msodzi uja. "Ababa, bwato ndalikokera kumtunda, koma likuchucha kumbuyo." Anayamba kukambirana za phula. Amalume anaika manja pamaondo. Mawu onse amene ankayeseza m'bwato sanatuluke ngakhale amodzi.

Titatsanzika, iwo ananyamuka msanga osayang'ana pamphasa. Ine ndinanyamula dengu lopanda kanthu, khosi langa lili kumbuyo, ndikutsanzika loboti langa ndi maso. Tinatsetsereka mpaka padoko. Tikukwera m'bwato tinamva mapazi akuthamanga. Anali mnyamata uja, atanyamula loboti mosamala ndi manja awiri, mutu wa lobotilo ukugwedera.

"Alendo! Mwaiwala chidole cha mwana wanu."

Analiika m'manja mwanga. Ndinayang'ana amalume, ndikudikira kuti amuuze kuti walakwitsa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pang'onopang'ono, monga ankayang'anira tizidutswa tija pofuna kutsimikiza kuti palibe chasowa. Kenaka anavula chipewa. "Zikomo. Mwaleredwa bwino."

Chimwemwe chimene chinandigwira m'bwato muja sindinachionenso mpaka lero. Ndinkaimba. Ndinkachotsa tinthenga m'khwapa mwa loboti, ndikuliuza kuti tikubwerera kwathu. Ndinawakoka chikhotho amalume n'kuwafunsa ngati tsopano ndi langadi, iwo n'kugwedeza mutu osandiyang'ana. Anakhala chofulatira Chisi ulendo wonse. Chipewa chinali duu pamiyendo, miyendo yosakhazikika ija itangoti zii.

Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kudoko. Ankakhala pakhonde tsiku lathunthu, ndipo ine ndinkaona ngati achira, poti anasiya kuyendayenda. Ndinkaliimika loboti patsogolo pawo kuti aone kuti ndikulisamala, iwo n'kutembenuzira mpando kumbali. Ndinakadandaula kwa amayi kuti amalume ndi munthu wodabwitsa: tavutika limodzi nyengo yonse, chidole chabwerera chosathyoka ngakhale chala, ndiye chikuwakwiyitsa n'chiyani? Amayi anandiyang'ana, anandipukuta ulimbo patsaya ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti ndizikasewera nalo kuseri kwa nyumba.