Buku lotsegulira kumanja

Ku Wembley, mumzinda wa London, ndinkasamalira okalamba limodzi ndi mayi wina wa ku Sudan. Mayiyo akaweruka ankamasulira m'Chiarabu mabuku a Chingerezi a nkhani zopeka, zonena za mafumu ndi amalonda a makedzana a kwawo kwa Aluya. Inenso ndinali nditamasulira buku la mtundu womwewo m'Chichewa, koma langa linkangokhala mu kompyuta. Osindikiza amene ndinawalembera anandifunsa kuti adzagule ndani.

Tsiku lina pa nthawi ya tiyi mnzangayo anandipatsa buku lake, litangotuluka kumene, likununkhirabe inki. Ndinalitsegula monga timatsegulira athu, n'kuyamba kuyamikira tsamba loyamba. Iye anaseka, nalitembenuza m'manja mwangamo.

"Mwayambira kumapeto, achemwali. Athu timatsegulira kumanjaku."

Ndinaseka naye, koma mtima ukundiwawa. Sanasiyire pomwepo. Anandiuza kuti ogulitsa mabuku a ku Cairo aliitanitsa kale bukulo, ndipo mwana wake wamkazi, wobadwira konkuno ku London, analimaliza m'sitima popita ku ntchito. Tiyi wanga anazizira m'kapu. Ndinkaona kuti ndimamuposa luso, ngakhale sindinkatha kuwerenga ndi chilembo chimodzi chomwe cha m'buku lakelo.

Nditafika kunyumba ndinatsegula kompyuta, n'kuitana mwana wanga wamwamuna, amene ndi nesi ku Lewisham, kuti awerengeko mutu woyamba wa buku langa lija. Anayesa mizere ingapo, milomo ikugwedera, kenako anatembenuka.

"Amayi, kodi la Chingerezi palibe?"