Amake Rofail ndi Yankho Lawo kwa Dokotala

Wansembe wathu, Abuna Yustus, apempha kuti pofika tsiku la makumi anayi chimwalirire Mayi Wadida Basilios, moyo wawo ulembedwe m'kalata ya mpingo. Nawu, wopanda zokometsera, pakuti eni ake sankazifuna.

Anabadwa mu 1941 kuseri kwa tchalitchi chathu cha Mari Girgis, mwana wachisanu wa mlimi wa thonje. Sukulu anaipondako zaka ziwiri zokha, koma masalimo anawaloweza pomvera atate awo akupemphera m'mawa. Anakwatiwa ndi Malak, nabereka Rofail ndi Nargis, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wonse unkawaitana Amake Rofail. Malak anafa ndi likodzo mkazi wake ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Umasiye ndiwo unawalowetsa ntchito pa chipatala cha m'mudzi, yokolopa, kuchapa nsalu ndi kuwiritsa singano. Zaka zimenezo mzere wa anthu odikira jakisoni wa likodzo unkachokera pakhomo mpaka ku ngalande, singano zili khumi ndi ziwiri zokha. Wotchi panalibe. Madzi akayamba kuwira, iwo ankanena salimo lolapa kasanu ndi kawiri asanavuule singano ndi imodzi yomwe.

"Amake Rofail, mwatsegula tchalitchi m'sefuliyamo?" ankakuwa namwino. "Anthu akupsa ndi dzuwa panjapa!"

"Apse, safa nalo. Ndili pa kachisanu."

"Kodi Mulungu samva mukanena kamodzi?"

"Iye amamva. Yogontha ndi singanoyi."

Tsiku limene iwo palibe, singano zinkangoviikidwa m'madzi n'kubwerera m'mikono ya anthu. N'chifukwa chake sankajomba, ngakhale akudwala malungo. Potola singano zakuda ankazilasa nazo zala kosawerengeka. Ankangoyamwa magaziwo n'kupitiriza. Anagwira choncho zaka makumi atatu ndi chimodzi. Misa ya Lachisanu sankaiphonya, kusala kulikonse ankakusunga, ndipo palibe anawamvapo akudandaula.

Atakwana zaka makumi asanu ndi awiri, m'kati mwa Kusala Kwakukulu, anayamba kuonda. Nargis anawakokera kuchipatala chomwe chija, kumene tsopano kunali Dokotala Ramzi, mwana wa mpingo wathu womwe, wochokera ku Cairo.

"Muli bwanji, amayi?" anafunsa dokotalayo, cholembera chili kale papepala.

"Tithokoze Ambuye, a Dokotala."

"Nanga mwabwereranji?"

"Sakudya," anatero Nargis. "Taonani mikonoyi, ngati mabango."

"Mukusala, amayi?"

"Nanga n'kusiya?"

"Ndi zimenezotu! Masiku makumi asanu ndi asanu a nyemba ndi mphodza, mufuna munenepe ngati njati? Pasaka ikafika mudye bakha. Wina alowe!"

Kuno mawu akuti "Tithokoze Ambuye" amawanena mkwati, amawanenanso wochokera kumanda. Sanena kuti munthu ali bwino. Dokotala Ramzi ankazidziwa zimenezi, poti nawo amake amayankha momwemo. Koma panja panali anthu ambiri, ndipo yankholo linali lomupeputsira ntchito. Analemba kuti wodwala sakudandaula kanthu.

Tsoka lake, kwathu masiku osala amaposa masiku odya, choncho chonamizira sichinkasowa. Pa kusala kwa Namwali Maria maso awo anachita chikasu; dokotala anawayang'ana ali tsidya la tebulo, nalemba mapiritsi owonjezera magazi. Pa kusala kwa Khirisimasi mimba inatupa. Anati ndi mpweya wa nyemba. Maulendo atatu, sanawagoneke pabedi, sanawakhudze, sanawatenge magazi. Nafenso amayi a mumpingo tisadziyeretse. Tinkawaloza m'tchalitchi n'kumanong'onezana kuti nkhope yawo yafanana ndi ya oyera a pazithunzi.

"Amayi, bwanji simumuuza kuti kukupweteka?" anafunsa Nargis panjira, misozi ili m'maso.

"Ndawauza Ambuye."

"Ambuye salemba mankhwala!"

"Tseka pakamwapo, iwe. Anthu akumva."

Amake Rofail ankadziwa bwino lomwe chimene dokotala ayenera kuchita. Anaonapo madokotala akale akugoneka munthu n'kumusindikiza pansi pa nthiti za kumanja. Koma wokolopa n'ndani kuti aphunzitse dokotala ntchito? Komanso kutchula ululu kunkawamvekera ngati kuneneza Mulungu pamaso pa mlendo. Anaumeza, nauyesa mtanda wawo.

Itapita Pasaka yachiwiri, anasanza magazi akusesa pabwalo. Nargis sanafunsenso munthu, anawakweza galimoto mpaka ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Asyut. Dokotala wa kumeneko anawagwira pamimba, nawaunika, kenaka anaitanira Nargis pakhonde. Anati chiwindi chadyeka zaka zambiri ndi nthenda yolowa m'magazi, yotheka kuti inadzera m'singano zija, ndipo pamwamba pake pamera chotupa chachikulu ngati lalanje.

"Mukanabwera chaka chatha, chikadali ngati mtedza, tikanachiotcha," anatero. "Pano palibe chochita."

Nargis anapukuta nkhope, nalowa akumwetulira. "Akuti n'kutupa chabe, amayi."

"Mwanawe, ndakolopa makonde ngati limeneli zaka makumi atatu. Ndikudziwa chimene amaitanira ana panja. Tiye kwathu, koma tidzere kwa Ramzi."

Anakaima pamzere ngati wina aliyense. Atalowa, dokotala anafunsa osadzutsa mutu, "Muli bwanji, amayi?"

Amake Rofail anakwera okha pabedi lija, limene panali mulu wa mapepala, nawakankhira pansi.

"Bwera kuno, mwanawe. Ndipatse dzanja."

Dokotalayo anadabwa, koma anabwera. Anamugwira dzanja, nalisindikiza pansi pa nthiti zawo.

"Wachimva? Ndi nyemba zako zija."

Nkhope ya Ramzi inagwa. "Amayi, bwanji simunanene?"

"Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikaulula kwa Abuna. Iwe ukaulula kwa yani? Tamvera. Munthu wa kuno akati 'Tithokoze Ambuye,' akulankhula ndi Mulungu, iwe sanakuyankhe. Mugoneke, umugwire. Mulungu sanakupatse manja kuti azingosunga cholembera."

Amake Rofail anakhalabe ndi moyo milungu isanu ndi umodzi. Rofail anabwera kuchokera ku ntchito yake ku Suez, nawapeza akuzindikirabe. Lamlungu masana, Abuna Yustus atawadzoza mafuta ndi kuwapatsa Ukalistia, anapempha kuti awatembenuzire kum'mawa. Anagona ngati munthu wotopa ndi ntchito, osadzukanso.

Pa maliro anthu ambiri anayamikira kuti mayiyu sanadandaulepo. N'zoona. Titengere chikhulupiriro chawo, kusala kwawo, ndi khama lawo pa ntchito imene panalibe woiyang'anira. Koma kukhala chete pamaso pa dokotala eni ake anakutcha tchimo, ndipo tisakukometse.

Mwezi umenewo Dokotala Ramzi anayamba kugoneka odwala pabedi. Mwa iwo anatumiza atatu ku Asyut, ndipo mmodzi, mkazi wa wophika buledi, anamupeza ndi chotupa chikadali chaching'ono. Lero akuyenda. Kumugwira pamimba sikunatenge nthawi yoposa yomwera kapu ya tiyi. Amake Rofail anaidikira nthawi imeneyo miyezi khumi ndi inayi.

Ambuye awapumitse pamodzi ndi oyera ake.