Tikiti ya Minibasi ya ku Chilomoni

A Orton Gondwe a ku Chilomoni anaphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta kwa zaka khumi ndi chimodzi pa kayunivesite kena ka m'tauni, m'nyumba yomwe kale munkagulitsidwa matayala. Kontrakiti yawo inali ya chaka chimodzichimodzi.

Chiphunzitso chawo sichinkasintha: kompyuta ndi chitsiru chomvera, imachita zokhazo zimene mwaiuza. Tsono ophunzira a chaka choyamba anawapatsa ntchito iyi: lembani mwatsatanetsatane zoti chitsiru choterechi chichite kuti chichoke ku Chilomoni chifike m'kalasi muno.

Mapepala anabwera makumi anayi, otayipidwa mwaukhondo, ena m'mafayilo onyezimira. Loyamba linati: "Pitani pa siteji. Onani ndandanda ya nthawi yonyamukira mabasi. Gulani tikiti." Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka mulu wonse.

"Tikiti!" anatero a Gondwe m'kalasi. "Ana a ku Ndirande ndi ku Bangwe, opanikizana anayianayi pa mpando tsiku lililonse, lero mukuti minibasi ili ndi ndandanda? Foni mwaifunsa kuti ikulembereni zimeneziyo sinakwerepo minibasi. Nanga inu, mitu munaiiwala kwa kondakitala?"

Kupatula amenewa, panali pepala limodzi lokha lolemba pamanja, la Zelipa wa ku Mbayani. Iye analemba kuti: "Ngati okhala m'minibasimo alibe zikwama ndipo akuseka ndi dalaivala, si apaulendo amenewo, angokhalamo kuti izioneka yodzaza, tsikani. Zikatha mphindi makumi awiri isananyamuke, uyambeni wapansi."

Mayi Joan Chikaonda, mkulu wa dipatimenti, anawaitanira ku ofesi.

"A Gondwe, ana onsewa akalephera makolo awachotsa pano. Akhozetseni. Pajatu kontrakiti yanu ikutha mu Disembala."

"Mayi, ndikhozetse foni?"

Anakhozetsa Zelipa yekha. Kalata inabwera mu Disembala momwemo, yowathokoza chifukwa cha "ntchito yotamandika" ndi kuwafunira zabwino kumene akupita. Anaipinda kanayi nachirikizira mwendo wa tebulo umene unkagwedera kunyumba kwawo.

Patapita milungu ingapo Zelipa anawapeza pa siteji, mvula ikuwaza.

"Aphunzitsi, palibe wina anatiphunzitsa ngati inu."

"Zisiye izo," anayankha osamwetulira. "Pepala lako lija sunalembemo zochita kukagwa mvula."

A Gondwe anasuzumira m'minibasi. Munali anyamata atatu opanda zikwama, akuseka ndi dalaivala. Anatambasula ambulera nauyamba wapansi.