Mphini za Kwinini

Abale anga a ku Nsaru amanena kuti mphini zili m'mbali mwa maso angazi ndizo zinandichiritsa malungo. Amalakwitsa, ndipo popeza mutuwo ndi wanga, ndiyenera kuwongola nkhaniyi.

Linali dzinja lina kalekale, fodya akukhwima. Ndinali mwana, chigonere pamphasa pakhonde, thupi likutentha, ndikuona denga likuyandama ngati mtambo. Bambo anayenda wapansi kukafika kuchipatala cha mishoni ku Namitete, nabwerako ndi kwinini wa ufa. Anamusiya m'manja mwa amayi n'kuthamangira kuchigafa.

Amayi anachita monga anaphunzitsidwira kwawo, kuti mankhwala amaikidwa pamene pakupweteka. Ine ndinkalira mutu. Choncho anatenga lumo, nanditema mphini, napakamo ufa wina. Ndimakumbukirabe kuzizira kwa zala zawo, ndi njiwa zikulira chapatali ngati zili pansi pa madzi.

Bambo pobwerera anandipeza ndikubwebweta, osawazindikira.

"Amake mwana, ufa uja mwam'mwetsa?"

"Ndim'mwetserenji? Kodi wadandaula m'mimba? Chikupweteka ndi mutu."

"Asisitere anati amwe."

"Ndiye ufawo uyende wapansi kuchoka m'mimba mpaka kumutu, ngati inu ku Namitete, eti?"

Bambo sanaseke. Anasungunula pang'ono m'chikho nandimwetsa. Kuwawa kwake sindinakupezenso m'chinthu china chilichonse. Dzuwa litapendeka, m'makutu mwanga munayamba kulira, ndipo ndinauza amayi kuti nyenje zalowa m'mutu. Iwo anayang'ana chikho chija nthawi yaitali.

"Ndiye wafikadi," anatero motsitsa mawu. Kuyambira pamenepo ankandimwetsa okha mpaka ufa unatha.

Ndinali nditakula kale pamene ndinadzamva chimene chinachitika. Tizilombo ta malungo sitikhala pamene pakupweteka. Timabisala m'magazi, n'kumadya kufiira kwake. Zotsala za chakudyacho ndi poizoni kwa ito, kotero timaziunjika pambali. Kwinini amayenda ndi magazi, n'kutilepheretsa kuunjikako, ndipo tizilomboto timafa ndi zotsala zakezo. Nyenje zija sizinali nkhondo ya mankhwala ndi matenda, monga ena amafotokozera. Anali kwinini yemweyo akukhudza makutu podutsa.

Malungo atatha ndinadzuka ndili wowonda, dziko likuoneka lotsukidwa. Amayi sanavomereze konse kuti mphini zinali zachabe. Mpaka ukalamba wawo ankazisisita ndi chala, n'kumati anatsegula khomo kuti nyenje zija zipeze potulukira. Iwo okha sindinawatsutsepo.