Mkungudza wa m'Chitini wa a Namaona

Fungo la utuchi likandipeza, ngakhale ndikungodutsa kwa kalipentala, ndimaona a Namaona atakhala pakhonde pawo pa esiteti ina ku Mavwere, utsi wa zinyalala ukuyenda pabwalo, iwo akununkhiza kathabwa kofiirira ngati munthu wokoka fodya wamphuno. Anali tenanti mnzawo wa bambo anga, kwawo ku Mulanje, ndipo ali mnyamata ankacheka mkungudza paphiri n'kumatsika ndi matabwa pamutu.

"Mtengo uwu ngakhale chiswe chimauopa," ankatero. "Koma kwawo n'kumodzi, paphiri lathu, m'nkhungu. Ndinagwetsa yambiri, mwanawe. Ndikufuna ndikabweze umodzi."

Pa njere zonse za mkungudza zimene mlongo wawo anawatumizira, inamera imodzi yokha, m'chitini cha mkaka. Kambande kake, ka masamba ngati singano, ankakasunga kuseri kwa chigafa cha fodya, pansi pa chiguduli chimene ankachinyowetsa m'mawa ndi masana kuti kaziyesa kali kwawo. Anthu ankawaseka kuti akulera khanda lopanda mayi.

Chifuwa chitawagoneka kuchipatala, dzuwa la Novembala lili pamutu, anasiyira ine chitinicho. "Nabanda, chiguduli chisaume."

Koma ine ndiye ayi, matama! Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wokulira pa nazale ya fodya, ndipo ndinkadziwa kuti mbande ikayandikira kuwokeredwa timaichotsera udzu, n'kuimana madzi kuti ikhwime. Ndinati agogowa akukalemekeza kamtengoka, kadzafera panjira ya ku Mulanje. Ndinachotsa chiguduli, chitini n'kuchiika padzuwa pamodzi ndi fodya wa bambo. Fodya anakhwima bwinobwino. Mkungudza pofika tsiku lachinayi unali utafiira, ukuyoyoka ndikaukhudza.

A Namaona atabwera kuchokera kuchipatala, ndinawauza zonse ndikulira. Anayang'ana m'chitinimo nthawi yaitali, akutsokomola.

"Unaulera ngati fodya," anatero. "Nanga ukanadziwira kuti? Iwe phiri sunalionepo."

Bola akanandikalipira, mtima ukanapepuka. Fodya atagulitsidwa, a Namaona anakwera lole yobwerera kwawo ndi mkeka ndi kathumba, ndipo sitinamvenso za iwo. Ponyamuka anandipatsa kathabwa kaja.

Kali m'sutikesi yanga mpaka lero, ndipo njenjete sizinandibowolerepo chitenje. Ndikatsegula, fungo limatuluka lomwe lija, ndipo zimandipweteka. Munthu uja anapempha mtengo umodzi wokha, ine n'kuupha ndi nzeru zanga.