Atelala ndi Galu wa Mufilimu

"Iwe wa Giledi 12, filimu ili na mapeji angati?" anandifunsa tsiku lina aneba athu, atelala okalamba a kuno ku Mtendere. Iwo ali ndi buku limodzi lachingelezi, la mnyamata ndi galu wake, lomwe anawerenga ali pasukulu. Amalisunga pansi pa makina osokera, ndipo mawu awo ndi amodzi: "Buku silinama."

Nditabweretsa filimu ya bukulo pa fulashi yolowetsa pa TV, anakhala kutsogolo ndi adzukulu kuti aitsutse. "Boza! M'buku aphunzitsi aja analibe ndevu!"

Galu atangogwera mumtsinje, malaiti anapita. Kamdzukulu kawo, Tiwo, kanayamba kulira: "Agogo, afa?"

Ine bukulo ndinabwerekapo, ndipo m'bukumo galuyo amamira. Koma atelala anayankha Tiwo kuti: "Uja? Asambira kuchila nsomba."

Malaiti atabwera, galu anatulukadi m'madzi akupukusa mchira. Atelala anaimirira n'kuwomba m'manja. "Mwaona? Mwamene vinalembedwera!" Kenaka anandiyang'ana ndi maso opempha.

Ndinkafunitsitsa kuonetsa anawo tsamba lomaliza, adziwe kuti nanenso ndimawerenga. Koma ndinasankha kutseka pakamwa mpaka Tiwo adzathe kuwerenga yekha.